Mkuyu wa mu ndowa yodzithirira: dothi likamamiza mizu kapena likamakana kukoka madzi

Mkuyu wobzala mu ndowa yodzithirira ukayamba kuvuta, umaonetsa chizindikiro chimodzimodzi pa mavuto awiri osiyana. Masamba a m'munsi amachita chikasu, amalendewera, kenako n'kuyoyoka. Mtengo womira m'madzi umatero, wofa ndi ludzu umateronso. Ambiri akaona zimenezi amathamangira feteleza kapena kudzaza thanki, malo osungira madzi pansi pa ndowayo, osadziwa kuti akuthira mafuta pamoto. Kawirikawiri cholakwa chimakhala msakanizo wa dothi.

Mkuyu tikunenawu ndi uja wa nkhuyu zotsekemera, Ficus carica, wa mitundu monga Brown Turkey, Black Mission, Celeste ndi Adam, osati mkuyu waukulu wa m'mbali mwa mitsinje. Kwawo ndi kumadzulo kwa Asia ndi maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, komwe nyengo yotentha imakhala youma. Ukakhala ndi masamba umamwa madzi kwambiri, koma mizu yake sipirira matope.

Ndowa yodzithirira yosavuta kupanga ndi ya ndowa ziwiri za malita 20, ina kulowa mwa inzake. Mpata wotsala pansi ndiye thanki. Ndowa ya pamwamba imakhala ndi mabowo pansi pake komanso kapu yoboolaboola imene imalendewera m'madzi itadzaza dothi. Madzi amakwera kudzera m'kapumo monga momwe parafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Pali paipi yothirira madzi ndi bowo la pambali lotayira madzi osefukira. Choncho dothi la m'ndowa yotere lili ndi ntchito ziwiri zolimbana: kukoka madzi, komwe kumafuna timipata ting'onoting'ono, ndi kusunga mpweya, komwe kumafuna mipata ikuluikulu. Msakanizo uliwonse umapendekera mbali imodzi.

Kumbani kaye

Musanathire kalikonse, tengani supuni yaitali kapena kachitsulo, mukumbe m'mphepete mwa ndowa, kutali ndi tsinde. Tapani dothi pa masentimita 5, pa 15, ndi pafupi ndi pansi, ndipo lililonse mulifinye m'dzanja. Lokhala bwino limagwirana pang'ono, limazizira m'manja, ndipo limamwazika mukalikhudza ndi chala. La pansi lokha ndilo likhoza kudontha dontho limodzi kapena awiri. Ngati la pa masentimita 15 likutuluka madzi m'mipata ya zala, mtengo ukumira. Ngati la pa masentimita 15 lili gwa pomwe thanki ili yodzaza, dothi silikukoka.

Kenako nyamulani ndowa ya pamwamba, mununkhize pansi pake. Fungo la nthaka ya m'nkhalango ndi labwino. Fungo la dzira lovunda kapena la ngalande likutanthauza kuti mpweya unatha kale. Onaninso mizu yotulukira m'mabowo: yamoyo ndi yoyera kapena yachikasu pang'ono, ndipo ndi yolimba. Yowola ndi yabulauni, ndipo mukaikoka khungu lake limavuuka n'kutsala kaulusi pakati.

Dothi lomiza

Ili ndiye vuto lofala, ndipo limabwera m'njira zingapo.

Yoyamba ndi dothi la m'munda. Katondo, makande, dothi la pachulu, ngakhale lija losakaniza ndi manyowa ndi mchenga limene amadzaza m'machubu a mbande, zonsezi zimachita bwino pansi kapena m'chubu chimene chimauma tsiku ndi tsiku. Mu ndowa yodzithirira zimakoka madzi usana ndi usiku popanda kuwataya. Timipata take n'tating'ono moti madzi amadzazamo monse, ndipo pakatha milungu yochepa gawo la pansi limasanduka phala. Kuthirako mchenga sikuthandiza. Mchenga wosalala umangolowa m'mipata imene mpweya ukanakhala, n'kuwonjezera kulemera. Palibe muyeso wa dothi la m'munda umene ungakonze zimenezi, choncho lichotsedwe lonse.

Yachiwiri ndi dothi logula m'matumba lokhala ndi peat (zomera zowolerana za m'madambo) kapena coco peat (makoko a kokonati ogaya) wambiri. Limakoka madzi bwino zedi, ndipo tomato amalikonda, chifukwa amakula msanga n'kumamwa madzi onse amene akukwera. Mkuyu waung'ono ulibe mizu yokwanira kumwa madzi otere, ndiye dothi limangokhala chinyowere. Chizindikiro china ndi tintchentche takuda timene timauluka mukagogoda ndowa, ndi ndere zobiriwira pamwamba pa dothi.

Yachitatu si dothi konse koma kapangidwe ka ndowa. Bowo lotayira madzi liyenera kukhala masentimita 2 kapena 3 m'munsi mwa pansi pa ndowa ya pamwamba, kuti pakati pa madzi ndi dothi pakhale mpata wa mpweya. Likakhala pamwamba, kapena likatsekeka ndi mizu kapena nyumba ya mavu, ndowa yonse imakhala m'madzi ndipo ngakhale msakanizo wabwino umamira. Kapu ikakula kwambiri imakokanso madzi opitirira muyeso. Pa ndowa ya malita 20, kapu imodzi ya masentimita 7 kapena 8 kukamwa kwake ndi yokwana. Mabowo a pansi pa ndowa ya pamwamba akhale ambiri, 30 kapena kuposerapo, a mamilimita 6, chifukwa ndi momwe mizu ya pansi imapumira.

Ngati kuwola kwangoyamba, khuthulani thanki, muike ndowa ya pamwamba pa njerwa ziwiri pamthunzi, ndipo muisiye masiku 4 kapena 5 mpaka dothi la pakati litasiya kudontha. Ngati fungo lafika kale poipa, zulani mtengo, mukutumule dothi, mudule mizu yonse yowola mpaka pomwe mkati mukuoneka moyera, ndipo mubzale m'msakanizo watsopano. Chepetsaninso nthambi molingana ndi mizu imene yatayika. Valani magolovesi podula, chifukwa utomoni woyera wa mkuyu umayabwa ndipo umatha kuwaula khungu padzuwa. Kwa milungu 3 muzithirira pamwamba, thanki ili yopanda madzi, ndipo feteleza adikire mpaka masamba atsopano atatuluka.

Dothi losakoka

Amene anapsapo ndi kuwola kwa mizu amakonda kuthawira ku msakanizo wa mibulu ikuluikulu, ndipo kumeneko amakumana ndi vuto linalo. Thanki sitsika kwa masiku angapo, masamba amafota masana, ndipo nkhuyu zazing'ono zimagwa zisanakule.

Yang'anani kapu poyamba. Dothi la m'kapu liyenera kukhala losalala kuposa la m'ndowa, lotsenderedwa ndi chala, ndipo liyenera kutuluka pamwamba pa kapuyo ngati kachulu kuti likhudzane ndi dothi linalo. Pakakhala kampata, madzi amathera pompo. Izi zimachitika kwambiri thanki ikauma kamodzi: peat akauma amakhwinyata n'kulekana ndi dothi la pamwamba, ndiponso amakana madzi, moti mukathira amangoyenderera m'mbali mwa ndowa. Kudzazanso thanki sikubwezeretsa kukoka. Thirani pamwamba pang'onopang'ono, theka la lita pa mphindi 10 zilizonse, mpaka madzi atayamba kutuluka pa bowo la pambali. Likakanabe, miizani ndowa ya pamwamba m'beseni la madzi kwa ola limodzi.

Kutalika kwa ndowa nakonso kuli ndi malire. M'misakanizo yambiri madzi amakwera bwino mpaka masentimita 25 kapena 30, kupitirira apo amafooka. M'mgolo wodula pakati, womwe ndi wautali ndi wotakata, ikani makapu awiri kapena atatu, ndipo pamwamba pa kapu iliyonse muimike mzati wa dothi losalala wokwera mpaka pakati pa mgolo.

Misakanizo kuiyerekeza

Zipangizo zenizeni ndi zitatu. Makungwa a paini ogaya amasunga mpweya ndipo sawola msanga. Peat kapena coco peat ndiye amakoka madzi. Perlite, timiyala toyera topepuka, amatsegula mipata ndipo saphwanyika ndi chinyezi. Misakanizo yotchuka pakati pa olima mitengo ya m'miphika imangosiyana kuchuluka kwa zitatuzi.

Wa 5-1-1 ndi miyeso 5 ya makungwa, 1 wa peat, 1 wa perlite. M'mphika wamba wothirira pamwamba ndi wabwino kwambiri kwa mkuyu. Mu ndowa yodzithirira umanyowa pansi pokha, ndipo theka la pamwamba limauma. Mtengo wokhwima womwe mizu yake inafika kale pansi umakhalamo, koma waung'ono umavutika, makamaka mu October.

Wa 3-2-1 ndi miyeso 3 ya dothi la peat, 2 ya makungwa, 1 wa perlite. Unatchuka pa ulimi wa tomato m'zidebe zodzithirira. Umakoka mpaka pamwamba popanda vuto. Kwa mkuyu ndi woyenera kumalo otentha kumene mtengo umamaliza thanki pa tsiku limodzi kapena awiri, monga ku Salima, Mangochi ndi kuchigwa cha Shire. Kumalo ozizira ndi a chifunga umasunga madzi opitirira.

Wa timiyala tokhatokha, wosakaniza makungwa, miyala yogaya ndi dongo lootcha, sumiza mizu, komanso sukoka madzi. Siwoyenera ndowa yodzithirira, ndipo kuyesa kuukonza ndi makapu ambiri n'kutaya nthawi.

Kwa mkuyu, poyambira pabwino ndi pakati pa awiri oyambawo: miyeso 3 ya makungwa, 2 ya coco peat, 1 wa perlite. Pa malita 18, omwe ndi okwanira ndowa imodzi, ndiye kuti malita 9 a makungwa, 6 a coco peat ndi 3 a perlite. Umenewu ndi wa malo ngati Dedza, Zomba, Mzuzu, kapena khonde losafika dzuwa la tsiku lonse. Kotentha tembenuzani: malita 6 a makungwa, 9 a coco peat, 3 a perlite. M'kapu muikemo coco peat ndi perlite pang'ono basi, miyeso 4 kwa 1.

Chimene chimapha msakanizo wabwino nthawi zambiri si muyeso koma kukula kwa makungwa. Ofunika ndi a mamilimita 3 mpaka 10. Sefani kawiri: waya wa mabowo a sentimita imodzi uchotse zibenthu zazikulu, ndipo neti ya pawindo ichotse fumbi. Osasefa amakhala ndi fumbi lochuluka moti muyeso wa makungwa umasanduka muyeso wa matope. Makungwa amapezeka kumene amacheka matabwa a paini, monga ku Chikangawa, Dedza ndi Zomba, koma akhale akale, odera, amene akhala pa mulu wonyowa miyezi ingapo. Aawisi, onunkhira utomoni, amalanda nayitirojeni ndipo masamba onse amatuwa. Utuchi si makungwa. Umagwirana ngati nsima ndipo umalanda nayitirojeni kuposa makungwa aawisi.

Perlite akasowa kapena akadula, mankhusu a mpunga ootcha amalowa m'malo mwake pa muyeso womwewo. Aotchedwe mpaka kuda koma osafika phulusa. Akapsa n'kuyera, asanduka fumbi lotseka mipata. Njerwa zootcha zophwanya n'kusefa, za mamilimita 3 mpaka 6, zimagwiranso ntchito, kungoti ndowa imalemera, zomwe sizoipa kwa mtengo umene mphepo imaugwetsa. Manyowa a kompositi asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo akhale m'theka la pamwamba. Akafika m'kapu kapena pansi, amavunda n'kununkhitsa thanki. Manyowa a nkhuku asalowemo.

Coco peat amabwera wotsenderedwa ngati njerwa. Ya makilogalamu 5 imafufuma kufika malita 60 kapena kuposerapo. Wotchipa amakhala ndi mchere, choncho mumunyike, mutaye madzi, mubwereze katatu. Peat ndi makungwa ndi zowawasa, pomwe mkuyu umakonda pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ya pakati pa 6 ndi 7, ndiye pamafunika laimu wa dolomite: masupuni akuluakulu 4 pa malita 18 ngati mwagwiritsa peat, awiri ngati ndi coco peat. Ngati mwaika mankhusu ootcha kapena madzi anu ndi a pa mjigo osiya zoyera m'ketulo, chepetsaninso ndi theka. Sakanizani, nyowetsani, ndipo musiye sabata imodzi musanabzale.

Kuyesa musanabzale

Mayeso awiri otsatirawa amapulumutsa chaka chathunthu, ndipo amangofuna mabotolo apulasitiki a malita 2.

Dulani botolo kukamwa, muboole pansi, mudzaze msakanizo wonyowa pang'ono mpaka masentimita 25, ndipo muliimike m'mbale ya madzi akuya masentimita 3. Popeza botolo ndi loonekera, mudzaona mzere wakuda wa chinyezi ukukwera. Pakatha maola 24, msakanizo woyenera umakhala utanyowa kufika masentimita 15 kapena 20, pamwamba pali mbuu. Ukafika pamwamba penipeni n'kumanyezimira, wasalala kwambiri, onjezerani makungwa. Ukaima pa masentimita 8, onjezerani coco peat.

Pa mayeso achiwiri, matani mabowo a botolo lina ndi tepi, muikemo lita imodzi ya msakanizo, muthire madzi pang'onopang'ono mpaka afike pamwamba pa dothi, ndipo mudikire ola limodzi. Matulani tepi botolo lili chiimire pamwamba pa jagi. Madzi otulukawo ndiwo malo amene mpweya udzakhale. Mamililita 200 mpaka 250 ndi abwino kwa mkuyu wa m'ndowa yodzithirira. Osafika 100, musabzale.

Mchere woyera pamwamba

M'mphika wamba madzi amatsika n'kutsuka mchere. M'ndowa yodzithirira amakwera, amauma pamwamba, mchere n'kutsala. Poyamba pamaoneka zoyera ngati ufa pa dothi ndi m'mphepete mwa ndowa, kenako nsonga ndi m'mbali mwa masamba mumapsa. Palani masentimita 2 a pamwamba mutaye. Thirani pamwamba madzi okwana ndowa ziwiri pang'onopang'ono, azitulukira pa bowo la pambali, ndipo pomaliza mukhuthule thanki, chifukwa mchere wonse watsikira mmenemo. M'chilimwe chitani zimenezi pa milungu 6 iliyonse. Kuphimbira pamwamba ndi makungwa akuluakulu kumachepetsa kuuma kwa madzi, ndiye mchere nawo umachedwa kuunjikana.

Feteleza wa mibulu asathiridwe m'thanki. Wosungunuka pang'onopang'ono, monga Osmocote, amasakanizidwa m'theka la pamwamba motsatira muyeso wa pa paketi. Wa chimanga sayenera mkuyu: uja wakale wa 23:21:0+4S alibe potaziyamu, ndipo urea amabereketsa masamba akuluakulu ndi nthambi zazitali zopanda nkhuyu. Ngati wopezeka ndi D compound, supuni yaikulu imodzi yokwiriridwa mozungulira m'mphepete mwa ndowa, kutali ndi tsinde, ndi yokwana pa mwezi mtengo ukamakula.

Mvula ndi nyengo yozizira

Msakanizo umene unachita bwino mu October ukhoza kumiza mtengo mu January, chifukwa madzi akubwera pansi ndi pamwamba. Dulani pulasitiki wokhuthala muphimbe kukamwa kwa ndowa, mung'ambe podutsa tsinde ndi paipi, ndipo mumange ndi mphira. Nkhuyu zikamapsa, madzi ochuluka amazing'amba ndi kuzisukulutsa, choncho thanki muzidzaza theka lokha, osailola kuuma. Kuuma kotsatana ndi kudzaza mwadzidzidzi ndiko kumang'amba zipatso kwambiri.

Mu June ndi July mkuyu umayoyola masamba kumalo ozizira. Mtengo wopanda masamba sumwa, ndiye thanki ikhuthulidwe ndipo muzingothirira pamwamba dothi la pakati likauma. Mitengo yambiri imawolera nthawi imeneyi, eni ake n'kudzazindikira mu September ikalephera kuphuka.

Thanki ndi malo abwino oswerana udzudzu. Mangani kachidutswa ka neti kukamwa kwa paipi ndi pa bowo la pambali. Ndowa ikhale pa njerwa kapena pa simenti, chifukwa chiswe chimalondola makungwa, ndipo ngati ndi yakuda ikulungidwe ndi thumba loyera kuti mizu ya mbali ya dzuwa isapse.

Zimene dothi limanamiziridwa

Timadontho tabulauni pamwamba pa tsamba, ndi ufa wofiirira kunsi kwake, m'nyengo ya mvula, ndi matenda a dzimbiri. Kusintha msakanizo sikuchiza. Tolani masamba ogwa muwatenthe, ndipo ndowa zitalikirane kuti mphepo idutse.

Mtengo wopinimbira womwe umafota masana dothi lili bwinobwino uonedwe mizu. Ngati ili ndi timfundo totupa ngati mikanda, ndi manematodi, omwe alimi a fodya ndi tomato amawadziwa. Mkuyu umagwidwa nawo msanga, ndipo amabwera ndi dothi la m'munda kapena mbande yozulidwa pansi. Dulani nthambi za pamwamba mukameretse m'msakanizo woyera, mutaye mizu ndi dothi, ndipo ndowa itsukidwe ndi madzi otentha.

Ngati mtengo uli wathanzi koma chaka ndi chaka nkhuyu zonse zimagwa zikafika ngati nsawawa zikuluzikulu, funsani kumene unachokera. Mitundu ya gulu la Smyrna, monga Calimyrna, siikhwimitsa zipatso popanda kachilombo kake kobereketsa, Blastophaga psenes, ndipo mitengo yomera ku njere za nkhuyu zouma za m'sitolo imavutanso chimodzimodzi.

Chaka chachiwiri

Makungwa ndi coco peat zimawola pang'onopang'ono, mibulu n'kumachepa. Msakanizo umene unatulutsa mamililita 220 poyesa sudzatulutsanso omwewo pakatha miyezi 18. Mudzaona dothi litatsika masentimita 4 kapena 5 kuchokera pomwe linali. Kuthira lina pamwamba sikukonza kanthu, chifukwa kutsendereka kuli pansi. Nthawi yomweyo mizu imakhala itadzaza kapu ndi kulowa m'thanki ngati ndevu, malo a madzi n'kuchepa.

Mu July, mtengo uli mtulo, uzuleni. Dulani mizu yonse ya m'thanki, muchotse kapu, ndipo ndi mpeni wakuthwa kapena sowo muchekeko masentimita 5 pansi pa chibuma cha mizu ndi masentimita 2 kapena 3 kuzungulira m'mbali, osapitirira gawo limodzi mwa atatu la mizu yonse. Tokosani dothi lakale ndi kamtengo, mutsegule mabowo otsekeka, mudzaze kapu ndi coco peat watsopano, ndipo mubwezere mtengo pa msinkhu womwe unali. Dothi lakale likathiridwe pa bedi la ndiwo zamasamba, ngati mizu inalibe timfundo.

Mbande yongomera kumene isalowe mu ndowa ya malita 20. Iyambe yadzaza mizu m'mphika wamba wa malita 3 kapena 4, mpaka mizu yoyera itayamba kusuzumira m'mabowo. Mukaisamutsa, thirirani pamwamba kwa milungu 2 kapena 3, ndipo thanki muidzaze koyamba tsiku limene mwanyamula ndowa ya pamwamba n'kuona nsonga za mizu pansi pake.